Midzi ya Alimi ya kwa Mwami Isunga Cuma Cosagulika pa Msika

Tsiku ndi tsiku malole olemera ndi katundu, mabasi ndi njinga za amalonda zidutsa pa mseu waukulu wocokera ku Chipata kupita ku malire a Mwami, polowera m'dziko la Malawi. Apaulendo aona minda ya cimanga, nkhokwe, makola a ng'ombe ndi tiana toweta mbuzi, nayesa kuti imeneyi ndi midzi wamba yopanda nkhani. Koma midzi ya m'dera limeneli, monga Feni ndi ina yozungulira Cipatala ca Mwami kum'mwera cakum'mawa kwa Chipata, isunga cuma ca mtundu wina cimene sicipimidwa pa sikelo ndiponso sicigulidwa pa msika. Cuma cimeneci ndico mbiri ya makolo, maina a midzi, mwambo wa zakudya zoyamba za m'munda, mbeu zakale ndi zithunzi zojambulidwa pa matanthwe.

Cuma cotere ciribe loko, ndipo kawiri-kawiri ciribe mlonda wolandira malipiro. Mlonda wake weni-weni ndiye mlimi amene alima pafupi naco. Iye akacisamala cikhala, koma akacinyozera palibe ofesi ya Boma ku Lusaka imene ingacibweze. Mbiri ya midzi ya kwa Mpezeni, pamodzi ndi ya mudzi wina wa alimi kutali ku France, itsimikiza zimenezi.

Dziko la khasu ndi ng'ombe

Anthu a kwa Mwami ndi a ku Feni adya za khasu. Mvula ikagwa mu Novembala kapena Disembala abzala cimanga, nshawa, thonje, fodya, mpendadzuwa ndi soya, ndipo m'cilimwe atsikira ku madimba kukalima ndiwo zamasamba, matimati ndi nzimbe. Nshawa zazikulu za Chalimbana zinachukitsa dera la Chipata kwa zaka zambiri, mpaka kumaiko a kunja. Ng'ombe zikoka pulawo ndi ngolo, zipereka manyowa ndi mkaka, ndipo pakati pa Angoni zilowa pa nkhani za ukwati ndi za milandu.

M'dera limeneli Angoni, Acewa ndi Ansenga akhala moyandikana ndi kukwatirana kwa zaka zoposa 150. Malire a Zambia ndi Malawi atsata msana wa mapiri ogawa madzi, koma sanagawe mabanja, pakuti ambiri ali ndi abale ku Mchinji ndipo maliro kapena cikwati ca tsidya lina ndi ca onse. Mngoni awerenga mtundu wake kucokera kwa atate, pamene Mcewa awerenga kucokera kwa amai ndi atsibweni, koma onse adya nsima imodzi ndipo ayang'ana mtambo umodzi.

Zinthu zikusintha mofulumira m'dera lino. Njanji yocokera ku Mchinji inafika ku Chipata mu 2010, ndipo mu Disembala 2022 atsogoleri a maiko awiriwa anatsegula ofesi imodzi ya malire pa Mwami kuti malonda aziyenda msanga. Citukuko cotere cibweretsa ndalama, koma cibweretsanso njala ya malo, ya miyala yomangira, ya njerwa ndi ya makala. Pamene pali njala yotere, phiri, mtengo wakale kapena bwinja la makolo licedwa kupeza wolilankhulira.

Maina a midzi ndiwo buku loyamba

Munthu wofuna kudziwa mbiri ya dera lino ayambe ndi kumvetsera maina. Feni, Luangeni, Mtenguleni, Ephendukeni ndi Laweni si maina a Cicewa kapena Cinsenga ai. Ndi otsala a Cingoni cakale cimene makolo anabwera naco kucokera kum'mwera kwa Africa. Laweni, mwacitsanzo, inali nyumba imene anyamata a Cingoni anali kugonamo pamodzi naphunzira kumvera, kuweta ndi kulimba mtima.

Angoni anacoka kum'mwera m'masiku a nkhondo za Shaka, motsogozedwa ndi Zwangendaba wa mfunda wa Jere. Iwo anawoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi pamene Luangwa athira, mu Novembala 1835, tsiku limene dzuwa linada masana. Anayenda mpaka ku dziko la Ufipa, ku Tanzania wa lero, kumene Zwangendaba anamwalira. Pambuyo pake mtundu unagawikana. Gulu lina linatsata M'mbelwa kumpoto kwa Malawi, ndipo lina linatsata Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, amene anakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanakhazikike m'mapiri a Chipata ca m'ma 1870.

Ankhondo a Mpezeni anakwatira akazi ambiri a Cinsenga, ndipo ana anayamwa cinenero ca amai ao. Ici ndico cifukwa cake cilankhulo ca Angoni a kwa Mpezeni lero ciri pafupi ndi Cinsenga, pamene Cingoni ceni-ceni catsala m'nyimbo za ngoma, m'zitamando za mafumu ndi m'maina a malo. Cinenero cimeneci sicinalandidwe ndi mfuti. Cinatha pang'ono-pang'ono pakhomo, pa mtondo ndi pa moto wamadzulo, popanda munthu kuzindikira tsiku limene cinasowa. Imeneyi ndi njira imodzi imene cuma ca makolo citayikira, ndipo ndiyo yoopsa koposa pakuti siicita phokoso.

Caka ca 1898

Njira ina ndiyo ya nkhondo. Mzungu wina wamalonda wa ku Germany, Carl Wiese, anakhala nthawi yaitali kwa Mpezeni nanena kuti mfumuyo inampatsa mphamvu pa dziko lalikulu. Mapepala ake anafika m'manja mwa kampani ya North Charterland Exploration, imene inakhulupirira kuti m'dziko la Angoni muli golide. Nsingo, mwana wa Mpezeni ndiponso mtsogoleri wa ankhondo, anakana kuti alendo alowe m'dziko mwa njira yotere.

Mu Januwale 1898 asilikali a Angerezi anabwera kucokera ku Nyasaland ndi mizinga ndi mfuti zoombera kosalekeza. Mikondo ndi zishango sizinathe kulimbana nazo. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwi-zikwi zinalandidwa, ndipo Nsingo anagwidwa naomberedwa mu Febuluwale caka comweco. Mpezeni anasungidwa m'ndende ku Fort Manning, kumene lero kuchedwa Mchinji, ndipo atabwerera kwao anamwalira mu 1900. Ufumu unapita kwa mdzukulu wake, mwana wa Nsingo. Boma la Azungu linamanga Fort Jameson, imene inakhala likulu la North-Eastern Rhodesia mpaka 1911, ndipo ndiyo Chipata wa lero.

Golide wocuruka sanapezeke, koma nthaka yabwino inapezeka. Mapulazi a fodya a Azungu anatenga malo aconde, ndipo eni dziko anapanikizidwa m'malo ocepa amene Boma linawapatulira. Anthu ndi ziweto zinaculuka pa nthaka yocepa, mitengo inatha, nthaka inakokoloka, ndipo amuna ambiri anapita ku migodi ndi ku mapulazi a ku Southern Rhodesia kukafuna ndalama ya msonkho. Mu 1941 Boma linagula malo ambiri a kampani ija ndi kuyamba kusamutsirako midzi. Munthu woona dzina la mudzi wakwao likupezekanso kwina kutali adziwe kuti kawiri-kawiri ndi cipsera ca masamuko amenewa.

Mwambo umene unagona zaka 82

Cinthu cacikulu cimene cinasowa pambuyo pa nkhondo ija ndi Nc'wala. Boma la atsamunda linauona monga msonkhano wa ankhondo, ndipo unaleka kucitika. Koma pamtima pake Nc'wala ndi mwambo wa alimi. Kale munthu sanali kuloledwa kudya ca m'munda catsopano mfumu isanalawe ndi kuthokoza Mulungu ndi mizimu ya makolo cifukwa ca mvula. Lamulo limeneli linali ndi nzeru yake, pakuti linaletsa anthu kumaliza cimanga cacikulu cisanakhwime.

Nc'wala inadzuka mu 1980, m'masiku a Inkosi ya Makosi Mpezeni Wacitatu. Panali patapita zaka 82, ndipo ocita mwambowo m'masiku a Nsingo anali atatha pafupi-fupi onse. Cimene cinathandiza ndi cakuti agogo sanaleke kuuza adzukulu ao, amai okalamba sanaleke nyimbo ndi kuomba m'manja, ndipo amuna sanaleke kuvina ngoma pa maliro ndi pa madyerero a m'mudzi. Zina zinali zitalembedwa ndi anthu ophunzira monga J. A. Barnes, amene anakhala pakati pa Angoni a ku Fort Jameson m'zaka za m'ma 1940, koma buku silivina ndipo siliimba. Mwambo unasungika m'miyendo ndi m'makosi a anthu wamba. Akulu anati akulu-akulu ndi m'dambo mozimira moto, ndipo pano zinaoneka.

Mpezeni Wacinai analowa ufumu mu 1982, ndipo m'zaka zotsatira mwambowu unakula kufikira kukhala umodzi wa miyambo yaikulu ya m'Zambia. Ucitika Loweruka lomaliza la Febuluwale. Mfumu inyamuka ku nyumba yacifumu ya Ephendukeni ku Feni nipita ku Laweni, ku Mtenguleni, kumadzulo kwa Chipata. Ilawa zoyamba za m'munda monga cimanga caciwisi, maungu ndi nzimbe. Magulu a ngoma ocokera kwa mafumu monga a Madzimawe, a Nzamane, a Maguya, a Kapatamoyo ndi a Mnukwa apikisana atabvala zikopa ndi nthenga, atanyamula zishango ndi zibonga. Ng'ombe yamphongo yakuda ilasidwa ndi mkondo, ndipo mfumu imwa mwazi wake. Angoni a ku Malawi, Mozambique, Tanzania ndi abale a ku South Africa abwera kudzaona. Ku Feni kunatsegulidwanso nyumba yosungiramo zinthu zakale yochedwa ndi dzina la Nsingo, kuti ana a sukulu aone ndi maso zimene amva ndi makutu.

Zolembedwa pa matanthwe

Komabe Angoni ndi alendo a dzulo poyerekeza ndi ena amene anakhala m'mapiri ano. Acewa anali kuno zaka mazana angapo Mpezeni asanafike, ndipo iwonso asimba kuti anapeza anthu aafupi, osaka nyama ndi kufula uci, amene awachula Akafula kapena Amwandionerapati. Anthu amenewa sanasiye midzi kapena minda, koma anasiya zizindikiro pa miyala.

M'mapanga ndi pansi pa matanthwe a Thandwe, Katolola ndi Zawi m'dera la Chipata, a Mkoma ndi Makwe ca ku Katete, ndi a Kalemba ku Chadiza, muli zithunzi za mitundu iwiri. Zofiira ndizo zakale koposa, ndipo zambiri ndi mizere, timadontho, zozungulira ndi zonga makwerero. Akatswiri akhulupirira kuti zimenezi ndi nchito ya Akafula. Zoyera zinapakidwa ndi cala pogwiritsa nchito dothi loyera, ndipo ndi za alimi, makolo a Acewa. Zina zioneka monga cikopa ca nyama coyanika, ndipo zigwirizana ndi maphunziro a cinamwali ca atsikana. Zina zifanana ndi zirombo za Nyau. Mapanga amenewa anali sukulu za makolo, ndipo thanthwe linali bolodi lao.

Katswiri wofukula zakale, David Phillipson, anakumba ku Makwe, ku Thandwe ndi ku Kalemba, nasindikiza zimene anapeza mu 1976. Ku Kalemba anapeza zida zamiyala zosonyeza kuti anthu anakhala m'phangalo zaka zoposa 30,000 zapitazo. Tsidya la malire, ku mapiri a Chongoni m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zithunzi za mtundu womwewu, ndipo mu 2006 bungwe la UNESCO linawalemba pa mndandanda wa cuma ca dziko lonse lapansi. Bungwe lomwelo linali litalemekeza kale Gule Wamkulu wa Acewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique mu 2005. Cotero cimene mbusa wa ng'ombe aona monga zolemba-lemba pa mwala pobisala mvula, anthu a kunja aciyesa ca mtengo wapatali.

Zithunzi zimenezi zapirira dzuwa ndi mvula kwa mibadwo, koma sizipirira dzanja la munthu. Mwaye wa moto wosonkhedwa m'phanga uzidetsa. Makala kapena coko ca mwana wolemba dzina lake cizikwirira. Madzi othiridwa pa mwala kuti cithunzi cioneke bwino asungunula utoto. Mitengo yozungulira ikadulidwa, dzuwa ndi mvula zifika pamene kale panali mthunzi. Ndipo nyundo ya wophwanya miyala imaliza tsiku limodzi cimene cinakhala zaka 1,000.

Nyumba za mishoni nazonso ndi mbiri

Cuma ca dera lino sicithera pa za makolo akale okha. Mishoni ya Magwero, imene a Dutch Reformed anayamba mu 1899 pafupi ndi Chipata, inadziwika ndi sukulu za akhungu ndi za ogontha. Ku Mwami a Seventh-day Adventist anayamba nchito ya cipatala mu 1927 monga nthambi ya Malamulo wa ku Nyasaland, ndipo kwa zaka zambiri odwala khate anali kubwera kucokera kutali kudzalandira mankhwala ndi pokhala. Mabanja ena a m'midzi yozungulira anafika kuno mwa njira imeneyo, ndipo mbiri yao yamangika pamodzi ndi njerwa za cipatalaco.

Pa malire peni-peni, ca ku Mchinji, pali Kachebere, mishoni ya Akatolika imene inayambidwa mu 1903 ndi ansembe a White Fathers pofuna kufikira Angoni a kwa Mpezeni. Gulu limeneli linayambidwa ndi Mfalansa, ndipo ambiri mwa ansembe oyamba anali a ku France. Bishopu wao wa nthawi imeneyo, Joseph Dupont, amene Abemba anamucha Moto-Moto, anabadwira m'mudzi wa Gesté mu 1850. Dziko limene iwo anacokera liri ndi midzi yambiri ya alimi, ndipo umodzi wa iyo uli ndi nkhani imene anthu a kwa Mwami angaimve monga yao.

Anyamata anai a ku Montignac

Montignac ndi mudzi wa anthu osafika 3,000, m'mbali mwa mtsinje wa Vézère, m'dera la Dordogne kum'mwera cakumadzulo kwa France. Alimi a kumeneko alima cimanga ndi mitengo ya mtedza, aweta atsekwe ndi ng'ombe, ndipo kale anali kulima fodya wambiri monga alimi a ku Chipata. Midzi yambiri ya ku France yacepa anthu cifukwa acinyamata anathamangira ku matauni, monga m'mene ana a kuno apitira ku Lusaka ndi ku migodi.

Mu Sepitembala 1940, nkhondo yaciwiri ya dziko lonse iri mkati, mnyamata wa zaka 18 dzina lake Marcel Ravidat anali kuyenda pa phiri la Lascaux pafupi ndi mudziwo, ndipo galu wake anamufikitsa pa dzenje. Pa 12 Sepitembala anabwerera ndi anzake atatu, nakuza dzenjelo, natsikiramo ndi nyali. M'katimo anapeza phanga lodzala ndi zithunzi za akavalo, ng'ombe zam'thengo ndi nyama zonga mphalapala, zojambulidwa ndi utoto wofiira, wakuda ndi wacikasu zaka ngati 17,000 zapitazo. Zithunzi zopakidwa utoto ziri pafupi-fupi 600, ndipo ng'ombe yaikulu koposa ndi yotalika kupitirira mamita 5.

Anyamatawo sanalembe maina ao pa khoma, ndipo sanagamule mwala kukagulitsa. Anapita kwa mphunzitsi wa m'mudzimo, Léon Laval, namuuza. Mphunzitsiyo anapita kukaona yekha, nadziwitsa wansembe Henri Breuil, katswiri wa zithunzi zakale, amene pambuyo pake anayendanso kum'mwera kwa Africa kudzaona zithunzi za pa matanthwe a kuno. Awiri mwa anyamatawo anamanga msasa pakhomo pa phangalo nalilonda usiku ndi usana, ndipo mmodzi wa iwo, Jacques Marsal, anakhala mlonda wake kufikira imfa yake mu 1989.

Phangalo linatsegulidwa kwa alendo mu 1948, ndipo posacedwa anthu oposa 1,000 anali kulowamo tsiku limodzi. Mudzi unapeza ndalama, koma mpweya, cinyezi ndi kutentha kwa matupi a anthu kunayamba kumeretsa ndere pa zithunzi. Mu 1963 Boma la France linatseka phangalo. Pofuna kuti alendo asaleke kubwera, anamanga phanga lina lofanizira pafupi pomwepo ndi kujambulamo zithunzi zonga zomwezo, nalitsegula mu 1983. Lina lalikulu koposa linatsegulidwa mu 2016. Lero alendo adya, agona ndi kugula zokolola za alimi a kumeneko, pamene phanga leni-leni lipuma mumdima. Mu 2020 mudziwo unayamba kuchedwa Montignac-Lascaux.

Nkhani imeneyi iphunzitsa zinthu ziwiri. Coyamba, cuma cimene dziko lonse lidziwa lero cinapulumuka cifukwa ca ana a m'mudzi ndi mphunzitsi amene anawamvera, akatswiri ndi Boma asanafike. Caciwiri, ngakhale cikondi ca alendo cingaononge ngati palibe mwambo wa kaonedwe. Mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, koma cimene waononga citsala ndi eni mudzi.

Cimene mudzi ungacite

Dziko la Zambia liri ndi lamulo pa nkhani imeneyi. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la National Heritage Conservation Commission loyang'anira zinthu zakale. Lamulolo linateteza mapanga, zithunzi, manda, mabwinja ndi zipangizo zimene zinalipo caka ca 1924 cisanafike, linaletsa kuzifukula, kuzicotsa kapena kuzitumiza kunja popanda cilolezo, ndipo linalamula kuti wopeza cinthu cotere adziwitse bungwelo msanga. Koma anchito a bungwe sangakhale pa phiri liri lonse. Maso a lamulo ndiwo anthu a m'midzi.

Mlimi akamalima natukula mbiya yakale, mikanda, ng'anjo yosungunuliramo citsulo kapena mafupa, aleke pomwepo, akwirire bwino, ndipo auze anyakwawa kapena aphunzitsi aakulu a sukulu yapafupi kuti uthenga ufike kwa mfumu ndi ku Boma. Cinthu cikacotsedwa pamalo pake citaya theka la nkhani yake, pakuti akatswiri awerenga zaka poona kuya kwa dothi ndi zinthu zoyandikana naco.

Abusa a ng'ombe, osaka mbewa ndi otola nkhuni auzidwe kuti pa thanthwe la zithunzi sasonkhapo moto, salembapo ndipo sathirapo madzi. Anyakwawa angaike lamulo lakuti mitengo yozungulira malo otere isadulidwe ndiponso miyala yake isaphwanyidwe, monga m'mene makolo analetsera nkhwangwa ku manda. Mlendo wofuna kuona aperekezedwe ndi munthu wa m'mudzi wodziwa malowo, ndipo cimene apereka cipindulire mudzi wonse.

Aphunzitsi angatume ana kwa agogo ao ndi kope ndi pensulo, kukafunsa kumene mudzi unacokera, cifukwa ca dzina lake, maina a anyakwawa onse kuyambira woyamba, zaka za njala ndi za dzombe, ndi kumene kunali bwinja lakale. Masiku ano ngakhale foni ya m'manja ingasunge mau a nkhalamba. Kope limodzi likhale ku sukulu ndi lina kwa anyakwawa. Zinsinsi za cinamwali ndi za kudambwe ziri ndi eni ake ndipo sizifunika kulembedwa, koma anamkungwi ndi akulu a Nyau ayenera kudziwa mapanga amene makolo ao anagwiritsa nchito ndi kuwayang'anira.

Zishango, mikondo, mipando, mbiya ndi mikanda ya makolo isagulitsidwe kwa oyenda ndi ndalama m'thumba. Ngati banja silingathe kuisunga bwino kuopa ciswe ndi moto, ndi bwino kuipereka ku nyumba yosungiramo zinthu zakale, kumene dzina la banjalo lidzalembedwa ndipo adzukulu adzaiona.

Amai osunga mbeu nawonso ndi alonda a cuma cimeneci. Cimanga ca makolo cosafumbwa msanga, mapira, mawere, nzama, nyemba ndi maungu a mitundu-mitundu zinasankhidwa ndi manja a agogo kwa mibadwo yambiri kuti zigwirizane ndi nthaka ndi mvula ya kuno. Mbeu za makono ziri ndi phindu lake ndipo alangizi a zaulimi acita bwino kuzilimbikitsa, koma cilala ca mu 2024 cinakumbutsa anthu ambiri kuti munda wa mbeu imodzi ndi munda wa nkhawa. Mzere umodzi kapena iwiri ya mbeu zakale m'mphepete mwa munda siidya malo, koma isunga cimene sitolo singabweze cikatha.

Cingoni cakale cinasowa cifukwa cinaleka kumveka pakhomo, ndipo Nc'wala inabwerera cifukwa sinaleke kusimbidwa pakhomo. Zonse ziwiri zinacitika m'midzi yomweyi, pakati pa anthu amodzi-modzi, ndipo zisonyeza kuti mlandu wa cuma ca makolo uweruzidwa pabwalo la mudzi. Mutu umodzi susenza denga, cotero mafumu, anyakwawa, aphunzitsi, a mipingo ndi makolo a kwa Mwami, ku Feni ndi m'midzi yonse ya kum'mawa ayenera kugwirana manja pamene nkhalamba zodziwa zikali moyo ndi pamene zithunzi zikali kuoneka pa miyala.